Chingwe Chimene Bambo Anadula

Buku limene linasokoneza pakhomo pathu ndinalibweretsa ndekha, ndi manja anga awiriwa.

Chinali chaka cha 1823, nyengo yothyola maapozi, ndipo m'tauni yathu yaing'ono ya Ashford, m'mbali mwa mtsinje wa Hudson, aliyense wodziwa kuwerenga ankakamba za buku limeneli. Mabuku a nthano amene tinazolowera ankachokera ku Mangalande, odzaza ndi mafumu ndi nyumba zawo zamiyala. Ili linali lathulathu. Linkasimba za nkhondo imene tinamenyana ndi Angelezi zaka khumi m'mbuyomo, za nkhalango zathu, ndi za zombo zimene zinkathamangitsana pa nyanja ya Ontario. Mlembi wake sanadzitchule. Pachikuto panangolembedwa kuti "Mbadwa ina ya dziko lino."

Ndinalibwereka kwa mkazi wa abusa Lachiwiri masana, n'kuyamba kuwawerengera mayi anga pakhonde iwo akusenda maapozi. Tinaseka, tinagwira mtima m'manja, mayi mpaka anaiwala kuti buledi ali mu uvuni. Bambo anga, Kaputeni Ezra Hallock, amene anasiya za panyanja nkhondo itatha n'kuyamba ulimi wa zipatso, anatulukira kuchokera kumunda, n'kuima pa masitepe kumvetsera nawo.

Ndinali nditafika pamene chombo cha Amereka chinkathawa chombo chachikulu cha Angelezi mu mdima, chikukoka kabwato kumbuyo kwake. M'kabwatomo munali mnyamata mmodzi, mwana wa mayi wamasiye. Kaputeni wa chombocho, pofuna kupulumutsa khungu lake, anaona kuti kabwatoko kakumuchedwetsa. Ndinawerenga kuti anatola nkhwangwa ndi dzanja lake lamanzere, dzanja la zala zitatu.

Ndinasiya kuwerenga. Mpeni wa mayi unagwera pansi. Tonse awiri tinayang'ana dzanja lamanzere la bambo, limene linali litagwira chipilala cha khonde ndi zala zake zitatu.

"Pitiriza, Keziah," anatero bambo.

Ndinapitiriza. Kaputeniyo anadula chingwe. Mnyamata uja anakuwa, akupempha chifundo, koma kaputeniyo anangotembenuka n'kuuza anthu ake kuti nyanja ilibe makutu. Mawu amenewa ndinakula ndikuwamva. Bambo ankawanena matalala akawononga zipatso, ankawanena ng'ombe ikafa. Mu Ashford monse munalibe wina wowanena.

Bambo anatenga bukulo m'manja mwanga, n'kuliyang'ana pachikuto kwa nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangonena motsitsa kuti munthu wobisa dzina akamaponya mwala ndi wamantha kuposa wodula chingwe, ndipo kuti tsiku limene adzamupeze, mmodzi wa iwo awiri sadzaona chisanu cha chaka chino.

* * *

Munthu amene ndinkafuna kumuthamangira tsiku limenelo anali a Gideon Thorne, amene ananditomera.

Anafika ku Ashford chaka chapitacho kudzaphunzitsa pa sukulu yathu. Anali aatali, a mapewa otambalala, oseka ndi maso pakamwa pali duu. Tsiku loyamba anandipeza ndili pamakwerero m'munda mwathu, n'kundifunsa njira ya kusukulu chipewa chili kumutu. Ine ndinawalozera njira ya kudambo. Patapita ola anabwerera matope ali m'mawondo, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti aphunzira phunziro lawo loyamba asanaphunzitse ngakhale mwana mmodzi. Chikondi chathu chinayambira pomwepo.

Mbiri yawo ankaikamba mwa nthabwala. Ankati anawathamangitsa ku koleji atalemba nyimbo yonyoza mphunzitsi wamkulu n'kuikhoma pachitseko, kenaka anakhala mmalinyero zaka zisanu ndi chimodzi, kenaka anayenda m'nkhalango za kumpoto ndi anthu oyeza malo, akugona pa masamba ndi kudya nyama ya gwape yofutsa. Za kwawo sankakamba zambiri. Ndinkangodziwa kuti ali ndi mayi wokalamba ku Poughkeepsie.

Bambo anali atabweza kale amuna awiri ondifunsira, wina chifukwa cha mowa, wina chifukwa choti anali ndi manja osalala. Koma a Gideon, bambo anawalandira mondidabwitsa. Ankakhala nawo pakhonde akukamba za mphepo ndi matanga, ndipo atabwera kudzandipempha mu Ogasiti, bambo anawayang'ana kumaso nthawi yaitali n'kungoti, mutengeni koma mumusamale. Ukwati wathu unalengezedwa m'tchalitchi kuti udzachitika mu Novembala.

Lachitatu madzulo, dzuwa lisanalowe, a Gideon anabwera monga mwa chizolowezi. Ndinawakokera kuseri kwa nkhokwe n'kuwafotokozera zonse, misozi ili chuchuchu. Nkhope yawo inayera ngati ufa. Anandifunsa kawiri ngati bambo anamva chaputala chonsecho. Ine mopusa ndinaganiza kuti akwiyira wolembayo m'malo mwa apongozi awo, ndipo ndinawakonda koposa. Chitumbuwa cha maapozi chimene mayi anawadulira sanachimalize. Anati mutu ukuwapweteka, n'kumapita.

M'mawa mwake tinapeza kachidutswa ka chingwe katamangidwa pa geti yathu. Bambo anakamasula, n'kukaika m'thumba. Kusitolo, amuna amene ankawavulira chipewa anayamba kuyang'ana mitengo ya shuga pamene iwo ankalowa.

* * *

Lachisanu masana amayi ndi atsikana a mumpingo anakumana kwa a Vosburgh kuti asoke bulangeti la zigamba, monga timachitira mtsikana akamakwatiwa. Bulangetilo linali langa. Mayi anakana kupita, koma ine ndinati ndikabisala anthu aganiza kuti tavomera mlandu.

Nditalowa, macheza onse anaduka. Mmodzi yekha amene anandimwetulira anali Prudence Vosburgh, mwana wa mkulu wa positi. Prudence ndi ine tinakulira pa benchi imodzi kusukulu, koma chibwenzi chathu chinazirala kuyambira pamene a Gideon anavina naye kawiri pa phwando la zokolola, iye n'kuyamba kuwatumizira makeke kusukulu, kenaka n'kumva m'tchalitchi dzina langa likutchulidwa pamodzi ndi lawo.

Anandisendezera mpando pambali pake. Tinasoka pang'ono, kenaka anandifunsa mokoma, mokweza kuti onse amve, ngati apongozi ndi mkamwini akugwirizanabe kwathu. Ndinamuyankha kuti akugwirizana kuposa kale.

"Ndiye ali ndi mtima wabwino bambo akowo," anatero. "Ine munthu atandilemba m'buku chonchija, sindingamupatse ngakhale mwana wa mphaka."

Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani. Iye anaika singano pansi n'kufotokoza mosathamanga kuti amathandiza bambo ake kusankha makalata, ndipo kwa chaka chonse kwakhala kukubwera mapaketi ochokera kwa osindikiza mabuku a ku New York, olembedwa dzina la G. Pell. Mu Ashford mulibe Pell aliyense. Koma amene amabwera kudzawatenga, nthawi zonse akaona kuti mulibe anthu, ndi aphunzitsi athu. Anati sabata yatha paketi ina inang'ambika yokha, poti mapepala a masiku ano ndi osalimba, ndipo m'katimo munali zolemba zapamanja zimene osindikizawo ankabweza kwa mwini wake.

"Ukanamasoka mmene umatsegulira makalata a eni ake," ndinatero, "bwenzi bulangeti ili litatha kalekale."

Ena anaseka chamumtima. Prudence sanakwiye. Anapisa m'thumba la epuloni yake, n'kutulutsa pepala limodzi lopindidwa, n'kuliyala pamwamba pa bulangeti langa.

Sindinafunike kuwerenga. Zilembo zopendekekazo ndinkazidziwa kuposa zanga zomwe. Koma maso anawerenga okha, ndipo pakati pa pepalalo panali dzanja la zala zitatu, nkhwangwa, ndi nyanja yopanda makutu.

Mitu ya amayi onse inaweramira pa pepalalo. Ine ndinazindikira kuti singano yandilasa pokhapokha nditaona dontho la magazi likufalikira pa chigamba choyera. Ndinaimirira, n'kutsanzika mwaulemu kwa mayi ake a Prudence, n'kutuluka. Miyendo inandinyamula mpaka kuseri kwa tchalitchi, ndipo kumeneko ndinakhala pansi pa udzu ngati munthu womenyedwa ndi mtengo m'mutu.

* * *

Nditafika kunyumba ndinadzitsekera m'chipinda n'kutulutsa makalata onse amene a Gideon anandilembera. Ndinkafuna kupeza chilembo chimodzi chokha chosiyana, kuti ndinene kuti Prudence wanama. M'malo mwake ndinapeza china choipa kuposa.

M'kalata ya mu Juni, imene ndinkagona nayo kunsi kwa pilo, anandilembera kuti ndikamaseka iwo amaiwala kumene kuli kumpoto. Ndinkaganiza kuti mawu amenewa anabadwira ine. Koma ndinakumbukira kuti Lachiwiri lomwe lija ndinawawerengera mayi mawu omwewo. Mnyamata wa m'kabwato uja anawanena kwa bwenzi lake potsanzikana pa doko. Ndiye kuti ngakhale mawu achikondi anandipatsa ovala kale.

Ndinalemba kakalata, n'kukakalowetsa ndekha kunsi kwa chitseko cha sukulu:

"A Thorne, kapena a Pell, kaya ndinu ndani, mundipeze pa doko mawa m'mawa sitima ya ku Albany isanadutse. K."

* * *

Ndinawapeza atafika kale, ataima pakati pa migolo ya maapozi yodikira sitima, chipewa chili m'manja. Maso awo anaonetsa kuti tulo sanatione. Sindinawapatse moni.

"Munalemba ndinu?"

"Ndine."

Ndinkayembekezera kuti akana, kapena azungulirazungulira, ndipo ndinali nditakonzeka kuwatsutsa. Kuvomera kwawo kunandisowetsa pogwira. Ndinawafunsa dzina lawo lenileni. Anati ndi Gideon Pell, Thorne ndi dzina la kwawo kwa mayi awo. Kenaka ananena chimene sindinachiganizire n'komwe: mnyamata wa m'kabwato uja anali mkulu wawo weniweni, Nathaniel Pell, wa bere limodzi.

Anafotokoza kuti nthawi ya nkhondo iwo anali pa chombo china. Uthenga unangowafikira komweko wakuti Nathaniel wamira. Mayi awo anavala zakuda kuyambira tsiku limenelo mpaka lero. Patapita zaka, a Gideon anakumana ndi amalinyero atatu amene anali pa chombo cha bambo, aliyense payekha, ndipo onse ananena chimodzimodzi: kunalibe mkuntho, kaputeni anadula chingwe ndi dzanja lake, mnyamata anakuwa, chombo chinapitirira. Anapita kwa akuluakulu a asilikali a panyanja, koma palibe anawamvera. Ndiye anatenga cholembera. Anati poyamba ankangofuna kulemba nkhani ya anthu a kwathu kuno, yoti mlimi ndi mmalinyero adzione m'buku, koma cholembera chitafika pa nyanja ya Ontario chinayamba kuyenda chokha.

"Nanga ku Ashford munadzatani?" ndinafunsa.

Anayang'ana kumtsinje. Anati anabwera kuti adzamuone munthuyo kumaso, kuti amulembe molondola.

"Ndiye tsiku lija munandipeza pamakwerero, munkadziwa kuti ndine mwana wa ndani."

"Ndinkadziwa."

"Ndipo masiku onse munkakhala pakhonde pathu, mukudya buledi wa mayi anga, munkawerenga zala za bambo anga."

Anati miyezi yoyamba yokha. Anati bukulo analitumiza mu Febuluwale, ndipo pofika Meyi anali atalembera osindikiza katatu kuwachonderera kuti alibweze, koma iwo anayankha kuti makina ayamba kale ntchito. Anati tsiku lililonse ankadzuka atatsimikiza kundiuza, koma akandiona mawu ankathawa. Ndinawafunsa za kalata ya mu Juni. Pamenepo anachita manyazi kuposa pena paliponse. Anati mawuwo anawalemba m'buku usiku wa tsiku limene anandimva ndikuseka koyamba, ndipo mtsikana wa m'bukumo ndine. Sanabe mawu a m'buku kundipatsa ine, anaba anga kuwapatsa buku.

Mtima wanga wopusawu unadumpha, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa.

"Mundiuze chinthu chimodzi, a Gideon. Munandifunsira kuti muwalande bambo mwana, monga iwo anakulandani mkulu wanu?"

Anandiyang'ana m'maso. "Keziah, ndikanafuna kubwezera, bwenzi nditathawa buku lisanafike. Ndatsala kuno ndikudziwa kuti bambo anu ali ndi mfuti."

Ndinavula mphete yawo, koma dzanja linakana kuiponya mumtsinje, linakananso kuwabwezera. Ndinaiika m'thumba. Anandiuza kuti Lamulungu abwera kwathu kudzaulula okha pamaso pa bambo. Ndinawaletsa. Ndinati akwere sitima yomweyi apite ku Albany, asadzabwerenso. Sitima inafika, inakweza migolo, inanyamuka. Iwo anali ataima pomwepo.

* * *

Mayi ndinawapeza kukhitchini akutunga magawo a maapozi pa ulusi kuti aume. Ndinawauza zonse. Anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira pachifuwa, n'kunena kuti munthu ameneyu iwo anamusokera okha masokosi a chisanu.

Ndinawafunsa ngati zolembedwazo zinali zoona. Ndinkafuna andikalipire, andiuze kuti mwana safunsa zotero za bambo ake. Koma anangopotokola ulusi pa chala.

"Ndakhala ndi bambo ako zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi," anatero potsiriza. "Za nkhondo anandiuza zonse, mpaka mmene zala zinadukira. Za tsiku limenelo lokha sanandiuzepo. Ndinafunsa kamodzi, sanadye masiku awiri."

Pamenepo m'pamene mantha enieni anandigwira. Mpaka nthawi imeneyo ndinkalira chifukwa chonamizidwa ndi bwenzi. Tsopano ndinayamba kuganiza kuti mwina bwenzilo silinaname m'bukumo, ndipo dzanja limene linandiphunzitsa kuyenda ndi lomwe linasiya mwana wa munthu pakati pa nyanja.

Mayi anandiyang'anitsitsa n'kundifunsa ngati ndikumukondabe. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ayi. Palibe chinatuluka. Iwo anapukusa mutu n'kunena kuti ndiye Mulungu atithandize tonse.

* * *

Lamulungu m'tchalitchi, benchi yathu inali ngati ili ndi nthomba, palibe anakhala pafupi. Nkhani ya pepala lija inali itafika khomo lililonse. Potuluka ndinaona bambo ake a Prudence akuwanong'oneza bambo kanthu pakhomo. Bambo anangogwedeza mutu kamodzi.

Titangomaliza chakudya cha masana, a Gideon anagogoda. Anali atavala jekete limene anasoketsa kuti adzavale pa ukwati. Mayi anafuna kuwabweza pakhomo pomwepo, koma bambo anati alowe, akhale pansi. Kenaka anapita kuchipinda n'kubwera ndi kabokosi kachitsulo kamene sindinakaonepo, n'kukaika patebulo. Kanali kotalika ngati mfuti yaing'ono. Ndinapezeka nditaima pakati pa amuna awiriwo, osadziwa kuti ndafikapo bwanji.

"Khala pansi, Keziah," anatero bambo. "Palibe afe lero."

A Gideon anayamba kulankhula, koma bambo anawadula ndi dzanja.

"Ndikudziwa kuti ndiwe Pell. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe unaponda pakhonde panga. Uli ndi chibwano cha mkulu wako, ndipo ukamaganiza umakanda khutu ngati iye."

Ine ndinafunsa kuti nanga bwanji anavomera kuti andikwatire. Bambo anati ankaganiza kuti Mulungu wawatumizira njira yokonzera chimene chinawonongeka. Za buku zokha ndi zimene sanazidziwe. Anati pamene ankalumbira pakhonde paja, sanaganize kuti akulumbirira munthu amene amamusungira mpando patebulo lawo.

Kenaka anatembenukira kwa a Gideon n'kuwafunsa ngati mwa amalinyero atatu aja panali ngakhale mmodzi amene anaima kumbuyo kwa chombo, pamene iwo anaima. A Gideon anavomera kuti panalibe.

"Chingwe ndinadula," anatero bambo. "Zimenezo walemba zoona. Chimene sunalembe ndi nyali."

Anafotokoza mawu ali pansipansi. Anali atalamula kuti nyali zonse zizimitsidwe kuti Angelezi asawaone. Koma chombo cha adani chinkawatsatabe ngati galu wonunkhiza, akakhota nachonso chikhota. Anapita kumbuyo kukaona, ndipo anapeza Nathaniel m'kabwato muja atayatsa nyali, akuiphimba ndi jekete mbali ya chombo chathu, akuionetsa mbali ya adani. Pa chombo panali anthu makumi anayi. Anadula chingwe. Mnyamatayo anakuwadi, koma sankaitana iwo, ankaitana Angelezi.

"Bodza," anatero a Gideon, koma mawu awo anali opanda mphamvu. "Munthu wakufa sangadziyankhire."

"Angathe," anatero bambo, "poti sanafe."

Bambo anatsegula kabokosi kaja. Munalibe mfuti. Munali makalata asanu ndi anayi omangidwa ndi kaulusi. Anawamasula n'kuwayala patebulo limodzilimodzi, chaka ndi chaka. Onse anachokera ku Kingston, tsidya la nyanja, m'dziko la Angelezi la Canada.

A Gideon anatola yoyamba. Anawerenga mizere iwiri, n'kuzindikira zilembo za mkulu wawo. Mayi anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Bambo anati Angelezi anamutola Nathaniel m'mawa mwake. Anali ndi bwenzi ku Kingston kuyambira nkhondo isanayambe, ndipo abale a mtsikanayo anamuuza mtengo wa ukwati: kupereka chombo cha bambo kwa Angelezi. Lero ali ndi sitolo ndi ana atatu. Nkhondo itatha analembera bambo kuwachonderera kuti asaulule, poti mayi ake ndi bwino alire mwana wakufa kusiyana ndi kuchita manyazi ndi mwana wogulitsa anzake. Chaka chilichonse amalemba kufunsa ngati mayiyo akadali moyo.

Ndinawafunsa bambo chifukwa chimene anavomerera kusenza katundu wa munthu wotero. Anati sanachitire iyeyo. Chombo chitafika pa doko, anapeza mayi wamng'ono thupi akudikira ndi mtanga wa buledi, akuyang'ana nkhope ya aliyense wotsika. Anawafunsa mmene mwana wake anafera. Iwo anamuuza kuti anafa ngati mwamuna, ali pa ntchito yake. Atanena zimenezo, panalibenso pobwerera.

A Gideon anali ataweramitsa mutu patebulo. Atadzutsa nkhope ananena kuti apita ku New York mawa, akalembe m'nyuzipepala zonse kuti ananama, ayeretse dzina la bambo.

"Uliyeretsa ndi chiyani?" anafunsa bambo. "Ukangoti unanama, palibe akhulupirire, azidzati wagula mkazi. Ukanena zoona, mayi ako awerenga. Sankha wekha, mwana wanga. Cholembera ndi chako."

A Gideon anandiyang'ana. Bambo nawonso anandiyang'ana. Dzanja langa linali m'thumba, litafumbata mphete ija mpaka kupweteka, ndipo sindinadziwe ngati ndikufuna kuwakumbatira onse awiri kapena kuthawa osatembenuka.

Nthawi yomweyo tinamva ngolo ya akavalo ikuima pa geti.

* * *

Mayi anasuzumira pawindo n'kunena modabwa kuti ndi ngolo ya a Vosburgh. Tisanaganize zochotsa kanthu patebulo, mapazi anali atafika kale pakhonde. Chitseko chinali chotsegula chifukwa cha kutentha.

Woyamba kulowa anali Prudence, atavala chipewa chake cha Lamulungu. Pa mkono pake panatsamira mayi wokalamba, wamng'ono thupi, wovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Buku lija anali atalikumbatira pachifuwa ngati Baibulo.

A Gideon anaimirira mofulumira mpaka mpando unagwa. "Mayi, mwabwera bwanji kuno?"

Prudence anayankha m'malo mwawo, mokoma ngati uchi. Anati atangodziwa dzina lenileni la aphunzitsi, anaona kuti si bwino kuti mayi asadziwe banja limene mwana wawo akukwatirako, ndiye anawalembera sabata yatha, ndipo afika ndi sitima ya masana.

Mayiyo sanayang'ane mwana wawo. Maso awo anapita kwa bambo, anatsika mpaka pa dzanja lamanzere, n'kuima pamenepo.

"Ndakukumbukirani," anatero. "Munandigwira dzanja pa doko, n'kundiuza kuti anafa ngati mwamuna. Zaka khumi ndakhala ndikukupemphererani m'mawa uliwonse. Ndabwera kuti mundiuze pamaso panga chimene munamuchita Nathaniel wanga."

Ine ndinasendera pang'onopang'ono kutebulo, ndikutambasula epuloni yanga kuti ndiphimbe makalata aja. Ndinachedwa. Mayiyo anali atatsitsa kale maso. Anasiya mkono wa Prudence, anayenda masitepe atatu okha, buku lija n'kugwera pansi.

"Zilembo izi," anatero monong'ona. "Ndinamuphunzitsa ndine kulemba."

Anatambasula dzanja n'kutola kalata ya kumapeto kwenikweni, ya mwezi wa Epulo chaka chomwecho.